Amene Wabwerako Ndiye Wakwera Phiri

Achinyamata inu amene mwagwira kampamba m'manja ndipo mitima ikutentha kuti muyambe bizinesi, tiyeni tikambirane za mapiri. Mukamva za wokwera phiri, ambiri mumaona munthu ataimirira pansonga, manja m'mwamba, mbendera ili petupetu. Mukamva za wabizinesi, mumaona galimoto yake, nyumba ya kumpanda ndi dzina lake pachikwangwani cha sitolo. Zonsezo ndi zapansonga. Koma anthu amene amera imvi akukwera mapiri, ngakhalenso amene amera imvi ali m'sitolo, amadziwa kuti ulendo umatha munthu akafika kwawo wamoyo. Ndipo zimene zimamufikitsa kwawozo amaziganiza adakali m'munsi, mutu uli wozizira, asanaponye phazi loyamba.

Phiri la Everest, la m'malire a Nepal ndi China, ndi lalitali kuposa onse padziko lapansi, mamita 8,849. Pa 10 Meyi 1996 magulu angapo ananyamuka pakati pa usiku pamsasa wotsiriza kulowera kunsonga. Gulu lina linkatsogoleredwa ndi Rob Hall wa ku New Zealand, katswiri amene anali atafikako kangapo ndipo ankadziwika kuti ndi wosamala. Kuperekeza anthu kuphiri inali bizinesi yake, ndipo mtengo wa ulendowo unali madola 65,000 a ku America munthu mmodzi. Hall ankaphunzitsa anthu ake kuti pali nthawi yobwerera: ikamakwana 2 koloko masana, aliyense atembenuke, ngakhale nsonga ikuonekera poteropo. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu akapitirira mamita 8,000, mpweya umachepa kwambiri moti thupi limayamba kufooka ngakhale atangokhala pansi. Okwera amapuma mpweya wa m'mabotolo, ndipo mabotolowo amatha. Wochedwa kutsika, mdima umamupeza panjira, mpweya utatha, miyendo italema.

Tsikulo zinthu zinachedwa. M'malo ena ovuta zingwe zogwirira zinali zisanamangidwe, ndipo anthu anaunjikana pakanjira kopapatiza kudikirana. Anthu atatu a gulu la Hall, omwe ndi Stuart Hutchison, John Taske ndi Lou Kasischke, atawerengera nthawi ndi mpweya umene unawatsalira, anatembenuka dzuwa lisanafike paliwombo. Ndalama anali atalipira, masabata ambiri anali atavutika paphiripo, koma anatsika, ndipo anakafika kwawo. Hall anadikira munthu wake wina, Doug Hansen, amene anafika pansonga cha m'ma 4 koloko madzulo. Chaka cha 1995 Hall anali atamubweza Hansen yemweyo atangotsala pang'ono kufika, ndipo aliyense wamtima angamvetse kuwawa kwa kumubwezanso kachiwiri. Madzulo omwewo kunabwera chimphepo chachisanu. Hall ndi Hansen sanatsike. Anthu 8 anataya miyoyo pa ngozi imeneyo.

Hall sanali mbuli, ndipo lamulo ankalidziwa kuposa wina aliyense. Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Munthu akayandikira chimene wachivutikira, mutu umayamba kumunamiza. Kuphiri umanamizidwa ndi kuchepa kwa mpweya. M'bizinesi umanamizidwa ndi manyazi komanso ndalama zimene zalowa kale. Mudzamva mawu awa m'mitima mwanu: "Ndathira kale zambiri, sindingasiyire panjira. Mwezi wamawa zisintha. Anthu ati chiyani ndikatseka?" Mawu amenewa ndi amene amatengera munthu kwa akatapila, kumene chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimafika theka la ndalama yobwerekayo kapena kuposa. Ndi amene amagulitsitsa puloti, njinga yamoto, ngakhale munda wa makolo, kuti atsitsimutse sitolo imene inafa kalekale.

Choncho ikani nthawi yanu yobwerera musanatsegule chitseko. Tengani kope, mulembe kuti pa mpamba wonsewu, ndalama imene ndingapirire kuluza ndi yakuti. Mulembenso kuti ikatha miyezi yakuti bizinesi isakudzilipirira yokha lendi ndi katundu, ndidzaima, ndidzagulitsa zotsala, ndidzabweza ngongole za eni. Mulembe ndi zinthu zimene simudzapereka chikole zivute zitani: nyumba imene ana akugonamo, munda umene banja likudyapo. Mukatha kulemba, muonetse munthu wina wokhwima maganizo amene sachita nanu manyazi, kuti tsikulo likadzafika adzakukumbutseni. Malire olembedwa mtima uli m'malo ndi odalirika kuposa nzeru zobwera pakati pa usiku wokongoza ndalama atakuimbirani kachisanu.

Musaganize kuti kubwerera n'kulephera. Mayi Saray Khumalo, amene anabadwira ku Zambia ndipo amakhala ku South Africa, anapita ku Everest mu 2014, ulendo n'kuthera panjira chifukwa chigumukire cha madzi oundana chinapha anthu 16 a ku Nepal ogwira ntchito paphiripo. Anapitanso mu 2015, chivomezi chachikulu n'kugwedeza dziko la Nepal. Mu 2017 anafika pafupi kwambiri ndi nsonga, koma nyengo inaipa ndipo anabwerera. Pa 16 Meyi 2019 anaponda pansonga, n'kukhala mayi woyamba wachikuda wa mu Africa kufika pamenepo. Ulendo wachinayiwo unatheka chifukwa pa maulendo atatu oyambawo anabwerako wamoyo. Inunso mukatseka bizinesi mutapulumutsa theka la mpamba ndi dzina lanu labwino, mudzayambanso, ndipo mudzayamba muli ndi nzeru zimene munalibe. Koma amene wakakamira mpaka kuthera mpamba, kudana ndi abale amene anamukongoza, n'kuthawa m'dera usiku, ulendo wachiwiri umamuvuta kwambiri.

Tsopano tibwere kwathu kuno, kuphiri la Mulanje. Aliyense amene wayambapo ulendo pa Likhubula amadziwa kuti chikwama chopepuka m'munsi chimalemera pachitunda. Wobwera koyamba amalongedza nsapato zosinthira, mabotolo a zakumwa, kawailesi ndi zovala zojambulitsira. Woperekeza akachinyamula chikwamacho amangopukusa mutu n'kuyamba kutulutsa. Zotsalamo zimakhala zochepa: chovala chofunda, chodzitetezera kumvula, tochi, machesi ndi chakudya. Madzi amatunga m'mitsinje ya paphiri pomwepo. Chilichonse chimene mwaika m'chikwama mudzachisenza pa sitepe iliyonse, kaya mukuchigwiritsa ntchito kaya ayi.

Katundu wa bizinesi ndi zolipira za mwezi ndi mwezi: lendi, magetsi, malipiro a antchito, kubweza ngongole. Zimenezi sizifunsa ngati makasitomala abwera. Ndimamva chisoni ndikaona wachinyamata akuyamba ndi chipinda chodula cha m'mbali mwa msewu waukulu, mashelefu agalasi ndi chikwangwani chowala usiku, pamene katundu wogulitsa sakudzaza ngakhale shelefu imodzi. Wagula maonekedwe ndi ndalama imene ikanazungulira. Yambani pamalo otchipa amene makasitomala anu enieni amadutsa, ndipo ndalama zambiri zikhale mu katundu woyenda msanga.

Pali katundu wina wolemera koposa, amene sitikonda kumutchula: kusakaniza thumba la bizinesi ndi thumba la pakhomo. Kwathu kuno munthu ukangotsegula okala, mudzi wonse umadziwa. Kukagwa maliro, mwana wa achemwali akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, agogo akadwala, maso onse amayang'ana kwa iwe. Sindikukuuzani kuti muumire abale mtima, chifukwa munthu ndi munthu chifukwa cha anzake. Ndikuti dzilipireni malipiro ngati wantchito wina aliyense, ndipo thandizo la abale lizichokera m'malipiro anuwo. Sopo ndi shuga zotengera kunyumba muzilipire kapena muzilembe. Ngongole za makasitomala zikhale ndi malire ndi tsiku lobweza. Mukadya mpamba lero, chaka chamawa simudzakhala ndi chothandizira wina aliyense, ndipo abale omwewo ndi amene adzavutike.

Chinthu china chimene mapiri aatali amaphunzitsa ndi kulipatsa thupi nthawi yozolowera. Phiri la Kilimanjaro ku Tanzania ndi lalitali mamita 5,895, ndipo pansonga pake munthu akakoka mpweya amapeza pafupifupi theka la umene akanaupeza m'mbali mwa nyanja yamchere. Amene amakwera mothamanga masiku 5 amalephera kawirikawiri kuposa amene amatenga masiku 7 kapena 8. Wofulumira amayamba kumva mutu, nseru ndi kusowa tulo, ndipo zikafika poipa madzi amadzaza m'mapapo. Matendawa saona mphamvu. Amagwira ngakhale anyamata amasewera olimbitsa thupi, makamaka chifukwa iwowo ndi amene amakhoza kuthamanga. Ku Everest okwera amatha masabata ambiri akukwera kukagona msasa wapamwamba n'kutsikanso, kenako kukwera mopitirira pang'ono n'kutsikanso, kuti magazi azolowere kunyamula mpweya wochepawo. Woonera patali angati akutaya nthawi, koma akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Msinkhu uliwonse wa bizinesi uli ndi zovuta zake zimene munthu sangazidziwe asanafikepo. Wogulitsa belo limodzi la kaunjika amaphunzira kuti ndi zovala ziti zimene zimatha tsiku lotsegula ndipo ndi ziti zimene zimatsala mpaka kuzigulitsa mtengo wotaya. Akadziwa zimenezo, aonjezere lachiwiri. Wapabenchi akatsegula golosale amakumana ndi zachilendo: wantchito woti amusiyire kabati ya ndalama, katundu wotha nthawi ali pashelefu, chiphaso cha khonsolo, msonkho wa MRA. Akalumpha misinkhu itatu nthawi imodzi chifukwa wapeza ngongole yaikulu, zonsezi zimamugwera limodzi. Ndalama zambiri m'manja mwa munthu amene sanasungepo zochepa zimazunguza mutu. Ngati simunathe kulemba bwino kope la malonda a K200,000, mamiliyoni sadzakuphunzitsani kulemba. Kulani ndi phindu lanu poyamba, kaya ndi gawo lanu la ku banki m'khonde kapena chipereganyu, ndipo ngongole ya kubanki ibwere pamene mukudziwa bwino kuti kwacha iliyonse ikagwira ntchito yanji ndipo idzabwerera liti.

Za woperekeza ndilankhula ndi mtima wolemera. M'mwezi wa Julayi 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wophunzira bwino za chuma, amene anali atayenda m'maiko ambiri, anakwera phiri la Mulanje kulowera ku Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi, ya mamita 3,002. Chigawo chotsiriza cha ulendowo anapita yekha, atasiya woperekeza m'mbuyo. Nyengo inasintha, iye anasochera, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Anali munthu wanzeru ndi wolimba mtima, wokonda anthu osauka, ndipo imfa yake inakhudza ambiri. Koma Sapitwa ali ndi zake zimene sizilembedwa m'buku. Chiperoni chikabwera kuchokera mbali ya Mozambique, nkhungu imaphimba phiri m'kanthawi kochepa, miyala imaterera, zizindikiro za njira zimabisika, ndipo kuzizira kumalowa m'mafupa. Ana a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo amayang'ana mtambo n'kudziwa kuti lero tigone pamsasa wa Chisepo, tisapitirire.

Msika uliwonse uli ndi anthu otere. Mayi amene wagulitsa usipa kapena tomato pamsika wa Limbe zaka makumi awiri amadziwa mwezi umene mtengo umagwa, wopikulitsa amene amaika zabwino pamwamba pa dengu zowola pansi, ndi kasitomala amene amalipira bwino kawiri kuti kachitatu athawe ndi katundu. Inu a madigiri ndi madipuloma, maphunziro anu ndi chuma, ndipo adzakuthandizani kuwerengera ndi kuona patali. Koma musanaike ndalama mu malonda amene simunawagwirepo, pitani mukakhale pansi ndi anthu amenewa. Ngati n'kotheka, gwirani ntchito kwa wina miyezi ingapo, ngakhale malipiro akhale ochepa. Safunsa anadya phula. Posankha wokulangizani, funani amene angathe kukuuzani kuti bwererani. Munthu amene amapindula inu mukapitirira, monga wokutsatsani ngongole kapena wokukopani kuti mulowe m'gulu lolonjeza kuchulukitsa ndalama m'masabata awiri, sadzakuuzani kuti kutsogolo kuli nkhungu.

Tsono pali kutsika. Anthu ambiri amene afera kumtunda kwa Everest anafa akutsika, ena atafika kale pansonga. Mphamvu zonse anathera pokwera, chisangalalo chinachotsa tcheru, ndipo mpweya wa m'botolo unali utatsala pang'ono. Ngakhale pa Sapitwa, potsika ndi pamene maondo amanjenjemera ndipo phazi limaphonya mwala. Wokwera wanzeru akafika pamwamba amadziwa kuti wayenda theka la ulendo, ndipo amasunga chakudya, madzi ndi mphamvu za theka linalo.

M'bizinesi, nthawi yoopsa ndi imene zinthu zangoyenda bwino. Alimi ndi ogula mbewu a m'chigawo cha kummwera akukumbukira za nandolo. Mtengo utakwera, ambiri anakulitsa minda ndipo mavenda anadzaza nkhokwe, ena ndi ndalama zokongola. Mu 2017 dziko la India, kumene nandolo wambiri ankapita, linachepetsa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mtengo unagwa pansi matumba ali m'nyumba. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anagulitsa katundu wake pa mtengo wakale akusangalala kuti malonda ayenda, atapita kukaoda anapeza kuti ndalama yonseyo sikugula katundu wofanana ndi amene watuluka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola nyumba, minda, misewu ndi malonda ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena. Palibe mwa ife amene akanaletsa zimenezi. Chimene munthu angathe ndi kukonzekera.

Choncho mwezi wa phindu lalikulu usakhale mwezi wogula galimoto. Patulani ndalama yokwanira kulipira lendi ndi antchito miyezi itatu popanda kugulitsa kanthu, muiike kumene dzanja silifika msanga. Poika mtengo, musamayang'ane ndalama imene munagulira katunduyo yokha, koma imene mudzagulire wina wolowa m'malo mwake. Musadalire kasitomala mmodzi, wopikulitsa mmodzi kapena mbewu imodzi. Ndipo kumbukirani kalendala ya dziko lathu: ndalama zimayenda anthu akakolola ndi kugulitsa, kuyambira cha mu Epulo, koma Januwale ndi Febuluwale amabwera chaka chilichonse, anthu atathera ndalama ku feteleza ndi fizi. Wogulitsa amene wadya phindu la Juni ngati kuti chaka chonse ndi Juni amatseka sitolo mvula ili pakati.

Chotsiriza ndi cha anthu amene mukuyenda nawo. Dziko limakumbukira Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay, amene anayamba kufika pansonga ya Everest pa 29 Meyi 1953. Koma kumbuyo kwawo kunali anthu oposa 300 onyamula katundu, ndi gulu la a Sherpa, anthu a m'mapiri amenewo, amene anakweza mahema, chakudya ndi mabotolo a mpweya msasa ndi msasa. Masiku atatu m'mbuyo mwake, anzawo awiri, Tom Bourdillon ndi Charles Evans, anali atafika pafupifupi mamita 100 kuchokera pansonga, n'kubwerera chifukwa cha nthawi ndi vuto la zipangizo zopumira, ndipo zimene anaona kumeneko anafotokozera anzawowo. Mtsogoleri wa ulendo wonsewo, John Hunt, sanapondeko pansonga. Iye anasenza katundu kukamusiya kumtunda kuti ena apitirire. Tenzing naye anali atayesapo phirilo maulendo angapo m'zaka za m'mbuyo, kuyambira ali wonyamula katundu wamba.

Mtsikana amene akukugulitsirani m'sitolo, mnyamata wa kabaza amene amakubweretserani katundu, mlonda amene amagona panja inu muli m'nyumba, amenewa ndiwo akusenza bizinesi yanu. Alipireni pa tsiku limene munagwirizana, ngakhale inu mutsale opanda kanthu mwezi umenewo. Aphunzitseni ntchito yonse, osawabisira poopa kuti adzakuposani. Amvereni akakuuzani kuti katundu wakuti sakuyenda, chifukwa iwo ndi amene amaona nkhope za makasitomala. Wantchito wolipidwa mochedwa ndi wonyozedwa amadzilipira yekha m'kabati, ndipo tsiku la mavuto sadzaima nanu. Mwini bizinesi amene amafuna kuti chilichonse chidutse m'manja mwake, ndi kuti ulemu wonse ukhale wake, bizinesi yake imadwala tsiku limene iye wadwala.

Ana anga, sindikukuuzani zonsezi kuti muchite mantha n'kukhala pansi. Ntchito zolembedwa n'zochepa, ndipo ambiri mwa inu mudzadya thukuta la malonda anu. Yambani ndithu, ndipo yambani msanga. Ngati muli ndi mpata, sonkhanani ndi anzanu mukakwere phiri limene muli nalo pafupi, kaya ndi Zomba, Dedza, Michiru, Bunda kapena Mulanje, mutatenga munthu wodziwa njira, kuti miyendo yanu imve zimene ndanenazi. Mukabwerako, musanalipire lendi ya mwezi woyamba, lembani m'kope zinthu zitatu: ndalama imene mungapirire kuluza, malipiro amene mudzidzipatsa, ndi gawo la phindu limene simudzalikhudza. Mabizinesi ophuka chaka chimodzi n'kufota tili nawo ambiri. Amene Malawi akuwasowa ndi okhalitsa, olemba anthu ntchito zaka makumi awiri kapena atatu, oti mwana adzalandire kwa kholo lake ali ndi makasitomala, mabuku olongosoka ndi dzina lopanda ngongole. Ndikufuna bizinesi yanu idzakhale imodzi mwa amenewo.